Magazi a Kwa Julio

Lusaka, 4 Febuluwale 2024

Alongo anga a Whiteson,

Ndikhulupilila kuti muli bwino pamodzi ndi mlamu wanga amake Grace ndi ana onse kumeneko ku Petauke. Ine kuno ndili bwino.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa nkhani ikafika pamene simukupafuna, inu mumati netiweki yathawa. Pepala silithawa. Ndapatsa Benson, kondakitala wa basi ya ku Chipata, pamodzi ndi sopo ndi nsapato za Tisunge.

Nkhani ndi ya mwana wanga amene mukundisungila. Atabwela kuno pa holide kudzapimidwa kuchipatala, ndinaona mikwingwilima kumiyendo kwake. Anati amake Grace anamukwapula chifukwa anamutuma mchele, tomato ndi kandulo, iye n'kubwela ndi kandulo yokha. Anatinso aphunzitsi amamutcha a Pawindo, poti maso ake amangokhala panja.

Tsopano mvetselani. Khansa ija inamutupitsa tsaya ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi sinabwelenso, tithokoze Mulungu. Koma ndinawauza adokotala za kusukulu. Anamupatsa timasewela ta manambala ndi zithunzi, komanso chaka chatha anali atamulavulitsa m'kabotolo pamodzi ndi ana ena opulumuka, pa kafukufuku wawo. Adokotala aakazi aja anandikhazika pansi. Akuti mankhwala ankamubaya pamsana aja, amene anapha matendawo, amasiya chipsela m'mutu mwa ana ena, ena ayi. Ndinafunsa kuti chifukwa chiyani wanga. Akuti munthu aliyense amabadwa ndi kapangidwe ka thupi kochokela kwa makolo, ndipo matupi ena amachedwa kuchotsa mankhwala amenewo. Akuganiza kuti la Tisunge ndi lotelo, ngakhale akufufuzabe. Akuti kapangidweko si matenda. Anthu ambili oyenda mumsewu ali nako ndipo sadziwa, chifukwa sanabayidwepo pamsana.

Ine sukulu ndinalekela Giledi 4, kulemba uku ndinadziphunzitsa pa manyuzipepala okulungila kapenta, koma izi ndazimva bwinobwino. Mwana si waulesi, si wamwano. Maganizo ake ali ngati mbuzi yopanda chingwe, uyenela kuibweza kawilikawili, osati kuithyola mwendo.

Ndiye mumutume chinthu chimodzi, akabwela mumutume china. Mukauze aphunzitsi amukhazike kutsogolo. Chaka chino ndi cha mayeso a Giledi 7, ndipo adokotala akuti akathandizidwa akhoza ndithu. Mkazi wanu auzidwe kuti mwana ameneyo anabayidwa kokwanila. Akamukhudzanso ndidzabwela ndekha, mukundidziwa.

Ndikanakhala naye kuno, koma adona salola mwana m'kanyumba ka antchito. Atate ake, a Julio, ali m'manda. Mwatsala ndinu, amalume ake, mwini mbumba.

Ndine mlongo wanu,
Rosemary


Petauke, 3 Malichi 2024

Wokondedwa mlongo wanga amake Tisunge,

Moni m'dzina la Ambuye wathu. Kuno tili moyo, koma dzuwa latiotcha. Mvula inathawa, chimanga chafota chisanamasule ngayaye. Chaka chino tidzadya za m'sitolo.

Kalata yako ndalandila. Ukali wako sunasinthe, pepala limachita kutentha m'manja. Amake Grace ndalankhula nawo, za ndodo zatha.

Tsopano nkhani yabwino. Mwana wako Grace wapeza banja. Mnyamata ndi Davies, mwana wa a Daka a sitolo ya zitsulo pafupi ndi msika. Ankhoswe abwela kale ndi mbale zofunsila, ndipo ukwati tikuganiza Ogasiti. Iwe monga azakhali ake uyambe kutiyang'anila zitenje ku msika wa Kamwala, za kuno n'zosuluka.

Amai a Daka ndi munthu wofufuza. Atumiza kale azimai awili kumpingo kwathu ndi kumudzi kwa mkazi wanga kukafunsa za mtundu wathu monga mwa mwambo, ngati kuli khunyu, misala kapena kusabeleka. Ife tilibe chobisa.

Ndifunseko pang'ono. Zija za kapangidwe kochokela kwa makolo, adokotala anatchula kuti ndi kholo liti? Ndangofuna kudziwa kuti ndizipemphela molunjika.

Tisunge ali bwino, akudya.

Ndine mlongo wako mwa Ambuye,
Whiteson


Lusaka, 21 Epulo 2024

A Whiteson,

Moni nonse. Zitenje ndatumiza, za maluwa obiliwila ndi za ovina, zofiila ndi za azimai ophika.

Funso lanu ndinayankha kale pa foni. Adokotala sanatchule kholo, akuti sakudziwa ndipo sizithandiza mwana. Mulungu mukamuuza kuti Tisunge amudziwa, sasowa adilesi.

Koma ndiuzeni. Ndikaimba Lachiwili, Tisunge ali kuchigayo. Ndikaimba Lachisanu, ali kuchigayo. Mwangondiuza kumene kuti chimanga chinapsa, nanga akugaitsa chiyani, mchenga? Lamulungu likubweli ndidzaimba masana mutatuluka m'tchalitchi. Foni ikhale m'manja mwake.

Rosemary


Mwape, 12 Meyi 2024

Amai,

Muli bwanji, ine ndili bwino. Ndili kwa azakhali a Agnesi ku Mwape. Amalume anandibweletsa pa kalole ka kenta Isitala isanafike. Anati ndikhala masiku ochepa ndiye ndinangotenga madilesi awili. Kuno kuli galu dzina lake Bomba, khutu limodzi ndi lopinda. Nsapato zija zikundikwana. Njovu zinadya mapila a aneba, ndinaona mapazi ake, ndinalowetsamo mapazi anga onse awili n'kutsala malo. Amai sukulu ya kuno ili kutali komanso akuti dzina langa la mayeso lili ku Petauke, sangandilembe kuno. Ndimawelenga buku la sayansi koma ndikafika pansi pa tsamba ndaiwala zapamwamba ndiye ndimayambanso. Azakhali akuti ndiziwelenga mokweza iwo akusenda nshawa, ndikasiya amaponya khoko pabuku. Kodi ndinalakwa chiyani kwa amalume? Ngati ndi poto ija ndinapseleza, ndinapepesa. Ndinali pa laini ya ovina pa ukwati wa a Grace, masitepe ndinawagwila onse kuposa mnzanga Jennipher. Mundigulile bolopeni yofiila. Bomba uja ndi wamkazi, wabeleka.

Ndine mwana wanu,
Tisunge

Mlamu wanga amake Tisunge, ndiwonjezele pansi pano ine Agnesi. Ndinkayesa mukudziwa. A Whiteson anabwela naye n'kunena kuti mwagwilizana kuti mwana adziwe abale a atate ake. Ndinakondwa, ndi nkhope yeniyeni ya mlongo wanga Julio. Koma mailo ndamva kwa mai wina wa ku Nyimba kuti ku Petauke akuti mwanayu ali ndi matenda a mtundu wathu, ife a ku Mozambiki. Tinabwela m'dziko muno tikuthawa nkhondo, tatchedwa maina ambili, koma ili ndi latsopano. Mwana adzadya chimene tikudya, pamenepo musade nkhawa. Za sukulu ndi zimene zikundivuta. Nambala yanu ndilibe, ndiye kalatayi ndapatsa wa kenta kuti akapatse Benson pa Nyimba, poti mwana akuti ndiye amakufikani.


Lusaka, 19 Meyi 2024

A Whiteson,

Moni ndikupatsani chifukwa amai anatiphunzitsa kutelo, osati chifukwa ndikufuna.

Mwana wanga ali ku Mwape kuyambila Malichi, inu mukundiuza za chigayo. Mkulu wa mpingo! Lamulungu lija foni munazimitsa, ine ndinakhala pa sitepe ya adona mpaka dzuwa kupendeka, ndikuganiza kuti mwina mwana wadwalanso ndipo mukuopa kundiuza. Mukudziwa chimene amaganiza mai wa mwana amene anadwalapo khansa foni ikakhala chete?

Ndinakuuzani za adokotala kuti mkazi wanu aike ndodo pansi. Inu mwatenga mawu anga n'kusula nawo nkhwangwa.

Popeza mwayamba kukonda mwambo, ndikukumbutseni. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Grace amene mukumutchingila ndi wa kwa amake, mbumba yake ili kumudzi kwa mkazi wanu. Wanu ndi Tisunge. Mutafa lelo, wolowa dzina lanu adzachoka m'mimba mwanga, osati mwa amake Grace. Mwataya mwana wa pakhomo kuti mukondweletse anthu ogulitsa misomali.

Pamene ndinkagona pansi pa bedi lake m'chipatala, tsitsi litathothoka, akusanza ngakhale madzi, Julio anasiya munda n'kudzagona pa benchi panja. Ndiye ankamugwila miyendo pobaya jakisoni wa pamsana uja, chifukwa ine ndinkakomoka. Inu munabwela kamodzi ndi botolo la maheu, n'kujambulitsa chithunzi chokaonetsa kumpingo. Lelo magazi a Julio ndiwo oipa. Mwasankha iye chifukwa sangayankhe.

Temu yachiwili yayamba. Mwana wathu amavutika kugwila zimene wamva m'kalasi ali momwemo, nanga ali kutali adzagwila chiyani? Mukamutenge sabata ino abwelele kusukulu.

Rosemary


Petauke, 2 Juni 2024

Mlongo wanga,

Mtendele wa Ambuye ukhale nawe. Mawu ako ena ndawameza ndekha, amake Grace sindinawauze. Tsopano khala pansi umve, pakuti wamva mbali imodzi.

Azimai aja anatumidwa ndi a Daka anamva kwa aneba kuti pakhomo pathu pali mwana amene anadwala khansa ndipo mutu sugwila bwino. Amai a Daka anandiitana kusitolo, n'kundifunsa maso ndi maso ngati n'za kumtundu. Rosemary, ine ndi mkulu wa mpingo. Sindikanati ayi, pomwe iwe mwini unandiuza kuti adokotala akuti n'zochokela kwa makolo. Ndinangoti n'za kuchimuna. Kodi ndinanama? Adokotala sanatchule kholo. Mwina ndi zoona.

Ndikuuze chimene sindinauze munthu kumpingo. Grace ali ndi pakati. Davies akudziwa, amake Grace akudziwa. Ukwati uwu ukafa, mwana wanga atsala ndi mimba, ndi mbili yoti kwawo kuli matenda, ndipo palibe adzagogodenso pakhomo pano. Iwe uli ndi mwana mmodzi womuganizila. Ine ndili nawo onse awili.

Amai a Daka akuti mawu a mwamuna pa nkhani za kubeleka sawakhulupilila. Akufuna kumva pakamwa pa mai wa mwanayo. Ubwele mu Julayi, unene mawu ochepa chabe, ukwele basi ubwelele. Ukwati ukangotha, Tisunge abwelela pakhomo pano. Aphunzitsi aakulu ndalankhula nawo, dzina lake la mayeso lilipo, temu yachitatu adzalowa. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu.

Ukakana, ukwati watha. Ndipo sindikudziwa ngati amake Grace angadzalole kuonanso mwanayo pakhomo lawo. Sindikukuopseza, ndikungokuuza mmene nyumba ilili.

Ndine mlongo wako,
Whiteson


Lusaka, 21 Julayi 2024

Mlamu wanga a Agnesi,

Muli bwanji kumeneko ndi mwana? Kalata iyi muwelenge nokha, musamupatse.

Mailo ndadutsa pa Nyimba osatsika. Basi itaima ndinawelama ngati ndikumanga nsapato, kuopa kuti wina wa kwanu andiona. Ndikufuna mumve kwa ine musanamve kwa ena.

Poyamba ndinayesa njila zonse. Ndinagwadila adona kuti mwana akhale nane miyezi yochepa, anati nyumba yawo si sukulu ya mkaka. Ndinapita masukulu a kuno, akuti kulembetsa mayeso kunatsekedwa kalekale, mwana alembele kumene dzina lake lili. Dzina lili ku Petauke, ndipo khomo la ku Petauke lili m'manja mwa a Whiteson. Ndiye ndinapita.

Kwa a Daka anandiyalila mphasa pakhonde. Amai a Daka anakhala pampando, a Whiteson pambali atavala jekete, amake Grace kumbuyo kwanga ngati wolondela mbuzi pamsika.

Amai a Daka anati, "Ndinu amake mwana wodwala uja?"

Ndinati, "Sakudwala, anachila."

"Nanga mutu?"

"Mutu ulipo, amai, uli pakhosi pomwepo."

A Whiteson anakhosomola. Amai aja sanaseke. Anati, "Ine sindinakuitanileni nthabwala. Davies ndi mwana wanga mmodzi yekha, zidzukulu zanga zonse zidzachoka mwa mtsikana wa pakhomo panu. Zimenezi n'za kwanu, kapena za kwa mwamuna wanu?"

Ndinayang'ana a Whiteson, iwo akuyang'ana nsapato zawo. Ndinati, "Za kwa mwamuna wanga."

"Ndiye mwanayo si magazi a kwa a Whiteson?"

"Anatengela atate ake."

"Sindinafunse zimenezo, mai. Kuno mwana timamuwelengela kuchikazi. Inu mukuti bwanji?"

Mlamu, ndinati, "Uyu yekha si magazi athu."

Basi amai a Daka anamasuka. Anaitanitsa thobwa, n'kunena kuti, "A ku Mozambiki aja nkhondo inawasokoneza mitu, si mlandu wanu." Ndipo ine Rosemary, amene ndinakalipila namwino wamkulu wodi yonse ikumva tsiku limene anachedwetsa mankhwala a mwana wanga, ndinalandila kapu ndi manja awili. Ndinamwa thobwalo mpaka pansi.

Ndanyoza mlongo wanu ali m'manda, ndanyoza inu amene mukundidyetsela mwana chaka cha njala. Munditukwane, ndilandila. Chimodzi chokha ndikupempha, Tisunge asamve. Apitilize kuwelenga mokweza. Sukulu ikatsegula mu Seputembala amalume ake adzamutenga, analumbila. Ku ukwati sindipita.

Ndine mlamu wanu,
Rosemary


Petauke, 8 Seputembala 2024

Wokondedwa mlongo wanga,

Moni m'dzina la Ambuye. Ukwati unayenda bwino kwambili, anthu anadya mpaka kutaya. Zitenje zako aliyense anazitama. Tinakusowa.

Za Tisunge, zinthu zasintha pang'ono. A Daka apatsa Davies ndi Grace nyumba ili kuseli kwa yathu, mpanda ndi umodzi, mpopi ndi umodzi. Amai a Daka amabwela kawilikawili kudzaona mpongozi wawo. Akuti mai wapakati asamayang'anizane ndi mwana wotele tsiku ndi tsiku, kuopa kuti wa m'mimba angatengele. Ine zimenezi sindizikhulupilila, koma banja likadali lanthete, sitingayambe ndi mkangano. Tiyembekeze mwana abadwe, kenako tidzakhala pansi.

Aphunzitsi aakulu nawonso akuti wajomba temu yathunthu, mayeso oyesela sanalembe, ndiye kumulowetsa tsopano n'kungomuchititsa manyazi. Ndi bwino adzayambenso chaka chamawa. Chaka chimodzi n'chiyani kwa mwana amene Mulungu anamubweza pakhomo la manda? Uziyamika.

Amake Grace apita ku Mwape sabata ino kukamusiyila katundu wake kuti asavutike.

Ukapita ku Kamwala utiyang'anileko shawelo ya mwana, yoyela.

Ndine mlongo wako mwa Ambuye,
Whiteson


Mwape, 15 Seputembala 2024

Amai,

Amake Grace anabwela ndi zovala zanga ndi yunifomu m'thumba la feteleza. Ndinalila, ndinati ndipite nawo kwathu chifukwa sukulu yatsegula. Anati kwanu ndi kuno, ngakhale amako ananena pamaso pa anthu kuti suli magazi athu. Ndafunsa azakhali, akuti ndikufunseni nokha.

Kodi munanena?

Tisunge


Lusaka, 22 Seputembala 2024

Tisunge mwana wanga,

Inde, ndinanena.

Linali bodza, ndipo ndinkadziwa kuti ndi bodza pamene linkatuluka. Amalume ako anati ndikanena ubwelela kusukulu. Ndinawakhulupilila chifukwa tinayamwa bele limodzi. Koma sindikuuza kuti anandikakamiza. Pakamwa panali panga.

Zoona zake ndi izi, uwelenge kawili. Uli wanga ndipo uli wa Julio, tonse awili mofanana. Adokotala sadziwa kuti thupi lako linatengela ndani pa nkhani ya mankhwala aja, ndipo kulibe mbali yoipa. Mutu wako umavutika kugwila zinthu chifukwa unamenya nkhondo uli kamwana, n'kupambana. Sunalakwe kanthu kwa amalume. Poto ija ndi poto chabe.

Mayeso a chaka chino apita, sindikunamiza. Ndalila nazo, iwenso ulile.

Ntchito ndasiya. Adona akuti ndine wosayamika, ndawauza kuti malaya a amuna awo azisita okha. Ndapeza chipinda pa Nyimba kuseli kwa msika, denga ndi labwino, chitseko ndidzakonza. Ndizigulitsa nthochi kumabasi. Mu Januwale udzalowanso Giledi 7 pomwepo, ndipo kwa aphunzitsi ndidzapita ndekha, ndi pakamwa panga pomwepa. Amalume ako ndawalembela mizele iwili, kuti mbumba akafune kwina, ndi shawelo yomwe.

Uwauze azakhali ako kuti ndikubwela kudzagwada pakhomo pawo. Ndifika Loweluka pa kenta ya masana. Ngati sufuna kundichingamila, usabwele kumsewu, njila ndidzafunsa. Usandikhululukile msanga chifukwa choti ndine amako. Kwiya ndithu, mwana wanga. Koma udzakwiyile m'nyumba imodzi ndi ine.

Ndine amako,
Rosemary